Lilipo gulu la opanga Chemistry pa ODL kuno ku chigwa?

Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndine mphunzitsi pa CDSS ina mbali ya Ngabu, ndikupanga digiri ya uphunzitsi pa ODL (maphunziro ophunzirira kutali ndi koleji), Chemistry ndi Masamu. Ku koleji timapita pa holide pokha, tikabwerako aliyense amalimbana ndi ma module yekha. Gulu la kalasi pa WhatsApp lilipo koma ndi la onse, a History a Chichewa tonse momwemo, nkhani zake ndi fizi ndi tsiku lopereka asayimenti basi, ukaponya funso la organic chemistry limangokwiririka ndi ma sitika mpaka umachita manyazi kufunsanso. Labu pasukulu pathu palibe, titration (kuyeza mphamvu ya mankhwala pothira dontho ndi dontho) ndimangoiwerenga m'buku. Kodi Chikwawa kapena Nsanje kuli gulu la phunziro limodzi lokhalokha? Ngati kulibe timayamba bwanji?

Mayankho

Aphunzitsi musayang'ane a koleji yanu okha. Kuno kuli ena akupanga ku Domasi, ena Mzuni, ena anamaliza ku Chanco kalekale, ma module amasiyana koma mole (muyezo wa kuchuluka kwa zinthu mu Chemistry) ndi mole yemweyo. Yambani ndi omwe mumakumana nawo ku ma INSET a SMASSE (maphunziro osula aphunzitsi omwe ali kale pantchito), paja amenewo ndi a sayansi ndi masamu okhaokha, manambala muli nawo kale.

Za labu pemphani a hedi alankhule ndi sekondale ya boma ya mu cluster yanu. Loweruka limodzi mutagwira burette (chubu chagalasi chopangira titration) ndi manja anu zimalowa kuposa kuwerenga mwezi wonse.

Ine ndili ku Bangula, Biology. Tinayesapo gulu lotere ife, linafa chifukwa aliyense amangofuna mayankho a asayimenti kuti akopere. Muikiretu lamulo, wofunsa aziyamba waonetsa pomwe wafika, ajambule pepala lake atumize. Ndipo lisakule, likangodzaza anthu limasanduka la mauthenga a maliro ndi mpira. Mukakhalenso ndi lekichala mmodzi olo azingoyankha mwa apo ndi apo, ena amavomera mukawapempha mwaulemu.

Zokumana maso ndi maso muiwale ikayamba mvula achimwene, a ku East Bank adzawoloka bwanji? Mwaiwala namondwe wa Freddy mu 2023? 

Takhuta nonse. Madam a ku Bangula lamulo lanulo ndalitenga. Ndiye amene muli pa Chemistry, koleji iliyonse, lembani "ndilipo" pansipa ndikupezani ku inbox. Tikumane pa Nchalo kapena pa Ngabu pomwepano? A ku Nsanje nenani, thiransipoti ikukuvutani ndinu.