Thandizo: kugulitsa mandasi potolera ndalama za RNLI ku Hastings

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimakhala ku Hastings, m'mphepete mwa nyanja ku East Sussex. Ife amayi a mpingo wathu tikufuna kutolera ndalama zothandiza RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja lomwe linayamba mu 1824. Ambiri amene amakwera maboti ake ndi ongodzipereka, salipidwa, ndipo amatuluka ngakhale usiku nyanja itakwiya. Zimenezi zimatikhudza kwambiri.

Tikufuna kugulitsa mandasi, zitumbuwa ndi tiyi wotentha pakati pa Okutobala, usiku wa Hastings Bonfire, pomwe anthu amadzaza misewu ndi miuni mpaka kugombe.

Holo ya tchalitchi yatengedwa kale ndi mwambo wa zokolola. Malo ena amene tinafunsa ndi okwera mtengo, phindu lonse lingathere pomwepo. Za chilolezo aliyense akunena zake.

Ndiye ndifunse: kuima ndi ndowa yotolera ndalama pamsewu kumafuna chilolezo cha khonsolo, koma chimatenga nthawi yaitali bwanji? Nanga kugulitsa zakudya tsiku limodzi lokha kumafunanso kulembetsa? Mandasi tikazingiretu kunyumba, kapena chitofu cha gasi amalola? Amene munachitapo zimenezi, chonde tiunikireni.