Turbo yaikulu pa Hilux: ikokadi pa Khwekhwelere?

Wa_ku_Bembeke:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi Hilux ya dizilo, 2.5 D-4D, injini ya 2KD. Ntchito yake ndi kutsitsa kachewere ndi kabichi ku Golomoti, pobwerera ndimasenza mpunga kapena chimanga. Kutsika kulibe vuto. Nkhondo ili pokwera Khwekhwelere. Ndikangotuluka pa kona yakuthwa, giya 2 imakana, ndibwerere ku 1, galimoto n'kumalira ngati chigayo, kumbuyo utsi uli bii. Chaka chatha siinkatero chonchi.

Mnyamata wina wogulitsa zipangizo ku Lilongwe wandiuza kuti ndiike turbo yaikulu, akuti horsepower ikwera kwambiri. Alamu anga akuti horsepower n'zamipikisano, ine chondisowa ndi torque. Ndimvere ndani?

Makaniko_Lizulu:
Achimwene, alamu anuwo sananame, koma asiyira panjira. Torque ndi mphamvu imene injini ikupotokolera shafiti, monga mmene mumakanikizira sipanala pa nati. Horsepower ndi torque yomweyo kuchulukitsa ndi liwiro limene injini ikuzungulira. Masamu ake ndi awa: Nm (muyezo wa torque) kuchulukitsa ndi rpm (maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi imodzi), kugawa ndi 9550, mupeza ma kW, muyezo wina wa mphamvu yomwe ija timati horsepower.

Tengani injini yanuyo. Ma 2KD ambiri amene amayenda kuno analembedwa 75 kW pa 3600 rpm, ndi 260 Nm kuyambira 1600 mpaka 2400 rpm. Pa 2000 rpm, 260 Nm ikupereka ma kW 54 okha. Pa 3600 rpm torque imakhala itatsika kufika cha m'ma 200 Nm, koma poti injini ikuzungulira mwachangu, ma kW ndiye afika 75. Ndiye funso ndi lakuti inu pa kona ija singano ya rpm imakhala pati? Sindikhulupirira kuti imadutsa 2000.

Turbo imazungulitsidwa ndi utsi wa injini. Yaikulu imafuna utsi wambiri kuti idzuke, choncho pansipo imakhala ili mtulo. Nambala ya horsepower ikweradi kumtunda uko, cha m'ma 3000 rpm, koma pa 1500 mutha kupezeka ndi torque yochepa kuposa imene muli nayo leroyi. Pa Khwekhwelere ndi matumba kumbuyo, pamenepo m'pamene mudzaitukwane. Komanso turbo imangobweretsa mpweya. Popanda kusintha kompyuta ya injini kuti iwonjezere dizilo, phindu lake n'lochepa.

Ngozo_wa_Tsangano:
Ine ndinazilawa izi, musandifunse. Ndinaika yaikulu pa yanga ku galaja ina mu Blantyre, kompyutanso anaisintha. Pa M1, kuchoka Balaka kulowera ku Ntcheu ndilibe katundu, eee, inkauluka, mabasi ndinkangowapitirira. Koma nditakweza kachewere ku Tsangano, pachitunda choyamba ndinaponda moto, galimoto phee, ndiwerenge wani, thuu, kenako n'kudzidzimuka ngati yalumidwa ndi njuchi, matayala n'kumapala fumbi. Sipanathe miyezi itatu kilatchi inayamba kuterereka, fungo lake ngati mwawotcha nsapato. Kilatchi imaphedwa ndi torque yobwera mwadzidzidzi ngati imeneyo. Amakaniko aja nditawabwerera anangoti ndimayendetsa moipa. Ndinabwezeretsa yakale, yaikuluyo ili m'katoni kuseri kwa chitseko, amayi a kunyumba amaikapo lichero.

Mphunzitsi_Linthipe:
Ine ndiitchinjirizeko pang'ono turbo, poti kuno kwathu ndi kumene imagwira ntchito yake yeniyeni. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi ku Golomoti. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera, n'chifukwa chake ma Hilux akale a 3L ndi 5L amafika pa Masasa, pamwamba pa Khwekhwelere, ali wefuwefu. Ndiye vuto si turbo ayi, koma kukula kwake. Taonani injini ina ya Hilux, 1KD ya 3.0: 120 kW ndi 343 Nm, ndipo torque imeneyo imayambira pa 1400 rpm, chifukwa turbo yake ili ndi timapiko tosuntha mkati, timene timapanikiza utsi injini ikamazungulira pang'onopang'ono.

Makaniko_Lizulu:
Aphunzitsi mwalasa. Koma ndabwereza kuwerenga funso lija, pali mawu amene tonse tawadumpha: akuti chaka chatha siinkatero. Ndiye kuti china chake chafooka. Utsi wakuda ukutanthauza kuti dizilo wachuluka, mpweya wachepa. Yambani ndi air filter, fumbi la ku Bembeke timalidziwa. Kenako gwirani paipi yochoka ku turbo kupita ku injini, muone ngati yang'ambika kapena yanyowa oyilo polumikizira. EGR, kavalavu kobwezera utsi wina mu injini, nayonso imatsekeka ndi mwaye. Ndipo mukafika pamwamba pa chitunda musamazimitse nthawi yomweyo, muziisiya ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire.

Wa_ku_Bembeke:
Madala, ndatsegula boneti m'mawa uno. Paipi ija ili ndi mng'alu kunsi kwake, chala changa chaching'ono chikulowa, ndipo mbali yonseyo yada ndi oyilo. Air filter ndaigogoda pa tayala, fumbi latuluka lokwana kudzala m'manja. N'chifukwa chake inkaimba mluzu ndikaponda moto, ine n'kumati ndiye turbo ikugwira ntchito. Mnyamata wa ku Lilongwe uja waimba kale kawiri, sindinayankhe. Paipi yokhayo ndingaipeze pa Dedza pompano, kapena mpaka ndikwere basi?