Ana a Fomu 4 akugwa pa Chingerezi chokha, ndiwathandize bwanji?

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Zotsatira za moko (mayeso oyeserera a MSCE) zatuluka ndipo ndili ndi ana 11 amene apeza giredi 9 pa Chingerezi, kutanthauza kuti alephera. Ena mwa iwo masamu ndi zaulimi amakhoza bwino ndithu. Mukudziwa kuti a MANEB sapereka satifiketi ya MSCE kwa mwana amene walephera Chingerezi. Usiku sindikugona nazo.

Madamu a ku Luwinga: Pepani achimwene. Musanayambe makalasi owonjezera, dziwani kaye pomwe pali vuto. Muitane mwana mmodzimmodzi, mumupatse ndime yaifupi awerenge mokweza, kenako akufotokozereni zomwe wamva m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Mupeza magulu awiri. Ena amakakamira powerenga mawu enieniwo. Ena amawerenga mosadodoma ngati wailesi koma osatolapo kanthu. Awiriwa mankhwala awo ndi osiyana.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Ndayesa dzulo ndi ana asanu. Anayi ndi a gulu lachiwirilo! Mtsikana wina anandifotokozera ndime yonse bwinobwino m'Chitumbuka nditamumasulira mawu atatu okha.

Madamu a ku Luwinga: Ndiye kuti mutu ulipo, akusowa matanthauzo a mawu. Yambani ndi mawu a mafunso: state, explain, in your own words. Ambiri amangokopera chiganizo chonse cha m'ndime chifukwa sadziwa chomwe afunsidwa. Nyuzipepala zakale zimathandiza kwambiri pa note-making (kulemba mwachidule mfundo zikuluzikulu za m'ndime), mphindi 20 m'mawa uliwonse, ndime imodzi basi. Amene amakhala pafupi ndi tauni alembetse ku National Library.

Abambo a ku Katoto: Zonsezo ndi zoona, koma timadzuka mochedwa. Ku Ontario, m'dziko la Canada, mayeso a kuwerenga ndi kulemba amalembedwa ku Giredi 10, kutatsala zaka ziwiri kuti ana amalize. Wolephera amabwereza, kapena amachita kosi yapadera m'malo mwake. Ife timadikira moko wa Fomu 4. Tingathe kumawayesa tokha akangofika mu Fomu 1, sabata yoyamba yomweyo.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Zikomo kwambiri akuluakulu. Lolemba ndiyamba ndi mawu a mafunso, ndipo za Fomu 1 ndikazitula kwa ahedi. Madamu, nanga uja wokakamira pa mawu ndiyambe naye pati?

Madamu a ku Luwinga: Ameneyo mukhale naye payekha, anzake asaone. Mubwereke buku la Sitandade 5 kupulayimale yapafupi, mulikute ndi pepala.