Totupa kumaliseche mukakhala malo amodzi: zokambirana pa gulu la a kwathu okhala kunja

Admin (Kempton Park): Abale, funso labwera ku inbox, mwiniwake sakufuna dzina lituluke. Akuti anakhala malo amodzi ndi chibwenzi chake, kenaka kumaliseche kwatuluka totupa tofiira toyabwa. Akufunsa mafuta oti agule. Odziwa za chipatala tithandizeni. Wolemba zachipongwe ndimutulutsa.

Anamwino (Leeds): Zikomo achimwene. Asanagule chilichonse atiuze kaye kuti totupato tatuluka patapita nthawi yaitali bwanji, chifukwa nthawiyo ndi imene imalozera vuto. Zikayamba pompopompo kapena mawa lake, kawirikawiri ndi khungu lokwiya: kukhulana pouma, mpira wa kondomu, mafuta oterera onunkhira, kapena sopo. Matuza ang'onoang'ono amadzi otuluka pagulu patatha masiku 2 mpaka 12, otentha ngati wathirapo tsabola, amene akaphulika amasiya tizilonda, amenewo nthawi zambiri ndi herpes. Chilonda chimodzi cholimba m'mbali, chosapweteka, chobwera patapita pafupifupi milungu itatu, ndi chindoko mpaka atayeza n'kupeza kuti si chimenecho. Chindokochi n'chochenjera, chilonda chimapola chokha munthu n'kuganiza kuti wachira, koma matenda alowa m'magazi. Patapita milungu ingapo zidzolo zimatuluka thupi lonse mpaka m'zikhatho ndi kumapazi, ndipo nthawi zambiri siziyabwa n'komwe.

Wa pa pharmacy (Germiston): Ine ndiyambe ndi zoletsa. Musapake Dettol, Jik, spirit, Colgate kapena mandimu. Khungu la kumeneko ndi lopyapyala, zimenezi zimaotcha, ndipo namwino akamayang'ana sadziwanso kuti chilonda ndi cha matenda kapena cha mankhwala anu. Choopsa kwambiri ndi tiyuchubu toyeretsa khungu togulitsa mumsewu, tokhala ndi clobetasol kapena betamethasone. Kuyabwa kumasiya masiku awiri, inu n'kusangalala, pomwe zipere kapena herpes zikufalikira pansi pake. Khungu limaonda mpaka kung'ambika.

Ankolo (Philippi): Nanga munthu achite chiyani usiku pamene kiliniki yatseka? Kuyabwa sikudikira mawa.

Wa pa pharmacy (Germiston): Ankolo, atsuke ndi madzi ofunda okha, opanda sopo, n'kupukuta mosisita pang'ono ndi thaulo lakelake. Ngati pali tizilonda, supuni yaing'ono ya mchere mu theka la lita ya madzi owiritsa ozizira, aziviikamo kansalu koyera n'kuikapo. Kuyabwa, piritsi limodzi la cetirizine 10 mg patsiku. Allergex imathandizanso koma imagonetsa, oyendetsa galimoto ndi alonda a usiku musamale nayo. Ululu, Panado awiri, osapitirira asanu ndi atatu patsiku. Avale kabudula wamkati wa thonje womasuka, ndipo asiye kaye zogonana. Ngati ndi khungu lokwiya chabe, pakatha masiku awiri kapena atatu zimazilala. Zikapitirira, kapena pakaoneka chilonda, matuza, mafinya kumkodzo kapena mwanabere m'mphechepeche, ulendo wa ku kiliniki basi.

Achemwali (Durban): Kwa amayi ndionjezere za thrush, ena amangoti mauka ngakhale dzinalo timaphatikizamo matenda angapo. Kumayabwa kwambiri, kumafiira, ndipo kumatuluka zoyera zokhuthala ngati chambiko, zopanda fungo loipa. Si matenda a chiwerewere ayi, ndi yisiti imene imakhala m'thupi kale, koma kugonana, mimba, shuga ndi ma antibiotic zimaidzutsa. Ndiye musamenyane pakhomo pa chifukwa chimenechi. Mankhwala ake ndi clotrimazole 500 mg yolowetsa kamodzi pogona, ndi kirimu wa 1% wopaka kunja kawiri patsiku. Pali piritsi lakumwa la fluconazole 150 mg, koma woyembekezera asamwe. Kirimuyu amafooketsa mpira wa kondomu, dziwani zimenezo. Koma zotuluka zikakhala zachikasu kapena zobiriwira, zathovu, kapena zonunkha ngati nsomba, clotrimazole sagwira. Pamafunika metronidazole wa kuchipatala, ndipo mowa osayerekeza mukumwa ameneyu, mumasanza koopsa.

Ndipo zoika mkati kuti kuume zija, kaya mizu, kaya fodya wa mphuno, kaya kutsuka ndi chala ndi sopo, n'zimene zimang'amba khungu. Poumapo pamachekeka timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo HIV imalowera pomwepo.

Anamwino (Leeds): Zoona achemwali. Abambo osadulidwa nawonso yisiti yomweyo imawagwira kunsonga: kufiira, timadontho, zoyera pansi pa khungu. Kokerani khungulo m'mbuyo, tsukani ndi madzi, umitsani, pakani clotrimazole kawiri patsiku kwa sabata imodzi kapena iwiri, n'kubwezera khungulo m'malo mwake. Likakanirira m'mbuyo n'kutupa ngati mphete, pitani kuchipatala usiku womwewo, magazi akutsekeka. Zikamabwerabwera kayezetseni shuga, ena amatulukira matenda a shuga kudzera pamenepa.

Bambo a Tadala (Polokwane): Za kondomu bwanji? Ena amati a Max a boma aja ndi amene amayambitsa zidzolo.

Wa pa pharmacy (Germiston): Vuto si dzina, bambo. Max, Chishango wa kwathu, onse ndi a latex, ndipo pali anthu amene thupi lawo limadana ndi latex. Chizindikiro chake n'choti kufiira ndi kutupa kumathera pomwe kondomu inakhudza, ndipo munthu yemweyo amayabwidwa m'manja akavala magolovesi a mpira. Ena si latex koma fungo la sitiroberi kapena nthochi lija, kapena mankhwala opha umuna a nonoxynol-9 a m'makondomu ena. Yankho si kusiya kondomu. Gulani olembedwa latex free monga Skyn, kapena pemphani kondomu ya amayi ya FC2 ku kiliniki, imeneyo ndi ya nitrile. Oterera akhale amadzi ngati K-Y. Vaseline, baby oil ndi mafuta ophikira amaboola latex. Milomo ikatupa kapena mpweya ukabanika, imeneyo ndi ya ambulansi.

Ankolo (Philippi): Musaiwale mphere. M'mashaki ndi m'mahositelo momwe timagona anthu asanu chipinda chimodzi, bulangete limodzi likhoza kupatsira nyumba yonse popanda wogonana ndi mnzake. Imayabwa kwambiri usiku, pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche. Koyamba imatenga mwezi kapena kuposerapo isanayambe kuyabwa, ndiye musaloze chala munthu wa dzulo. Benzyl benzoate 25% amapaka kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, osati poyabwa pokha, n'kusamba patatha maola 24. Onse a m'nyumba apake tsiku limodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha n'kusita.

Anamwino (Leeds): Chinanso chimene ambiri sadziwa: Bactrim. Ena akamwa pamatuluka banga lofiirira kapena lakuda lozungulira kunsonga, malo omwewo nthawi iliyonse. Amene mumalandira Bactrim pamodzi ndi ma ARV kauzeni adokotala msanga, koma ma ARV osasiya.

Za chithandizo: chindoko choyambirira ndi jakisoni wa benzathine penicillin wa mayunitsi 2.4 miliyoni pathako. Herpes ndi aciclovir 400 mg katatu patsiku, imagwira bwino mukayamba matuza akangotuluka. Siitheratu m'thupi, imabwerera makamaka mukatopa kapena kudwala, koma ulendo wachiwiri siivuta ngati woyamba. Magazi a chindoko akayezedwa msanga akhoza kuonetsa kuti mulibe, choncho bwererani akakuuzani. Woyembekezera asachedwe ngakhale tsiku, chindoko chimapha mwana m'mimba. Ngati kondomu inaphulika kapena panalibe, PEP yoteteza HIV imayambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwa masiku 28. Kuno ku UK sexual health clinic, kiliniki ya matenda opatsirana pogonana, ndi yaulere kwa aliyense, safuna kuti mukhale ndi GP (dokotala amene munalembetsa kwa iye), ndipo mapepala anu si nkhani.

Achemwali (Durban): Ku Joni kuno makiliniki a boma amachiza matenda amenewa ulere, ndipo Section 27 ya malamulo a dziko lino imati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, osati nzika zokha. Tikudziwa kuti pageti pena pamavuta, mukabwezedwa yesani kiliniki ina kapena imbani AIDS Helpline 0800 012 322, ndi yaulere. Ku kiliniki akakupatsani kakalata kopatsa mnzanu kuti naye akalandire mankhwala, musakataye. Inu mukachira iye osalandira, akubwezerani. Musanayambirenso zogonana dikirani masiku 7 nonse mutalandira mankhwala, ndiponso zilonda zitapoleratu.

Admin (Kempton Park): Mwiniwake wayankha. Akuti zinayamba patatha masiku anayi, ndi timatuza tamadzi, ndipo mkodzo ukakhudza pamatentha.

Anamwino (Leeds): Ameneyo asagule kirimu aliyense. Apite mawa m'mawa, asapake kanthu kuti akaone bwino, ayezetsenso HIV ndi chindoko. Usiku uno pokodza azithirapo madzi ofunda kuti pasawawe, ndipo asambe m'manja asanagwire m'maso.