Zigoba za gule zikutulutsa ufa, ndichite nazo bwanji?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi watha banja lina la ku Dedza linatipatsa, kuno ku nyumba yathu yosungiramo zinthu zakale (museum), zigoba zitatu za Gule Wamkulu zimene malemu agogo awo ankasunga kudenga. Ndinaziika pa shelefu, pansi pake nditayala pepala loyera. Lero m'mawa ndapeza timilu ta ufa wosalala pansi pa chigoba chofiira chooneka ngati Simoni. Ndikachipendeketsa, ufawo ukuchucha kuchokera m'timabowo tokhala ngati tabooledwa ndi singano, kuseri kwa khutu. China chili ndi nthenga ndi khonje, nthengazo zikungothothoka zokha. Mlonda wathu akuti ndiwaze Actellic monga tichitira ndi chimanga. Mtima wanga ukukana.

aPhiri: Mtima wanuwo ukunena zoona, chemwali. Mankhwala a m'nkhokwe ayi. Salowa mpaka m'kati mwa mtengo mmene muli mphutsi, amatsalira pa penti, ndipo wina adzagwira chigobacho ndi manja zaka 20 zikubwerazi osadziwa kanthu. Ife kuno tikuvalabe magolovesi chifukwa cha zimene akale anathira osalemba paliponse. Chotsani zigoba zonse zitatu m'chipindamo lero lomwe, chilichonse m'thumba lakelake la pulasitiki, mumate ndi tepi. Kenaka muyendere madengu, malichero ndi ng'oma zimene zinali pafupi. Ufa woyera, watsopano, ndiye kuti tizilombo tidakali ndi moyo.

aMbewe: Njira yake ndi kuzizira. Chigoba mukulunge m'pepala lofewa, muike m'thumba lolimba, mufinye mpweya wambiri utuluke, mumate. Deep freezer ikhale itafika kale pa madigiri -20 Celsius, musachiike idakali yofunda, chifukwa kuzizira kwa pang'onopang'ono tizilombo timakuzolowera. Chikhale mmenemo sabata yathunthu, koma poti mtengo ndi wochindikala ine ndimapereka masabata awiri. Mukatulutsa musatsegule thumba kwa maola 24, kuti thukuta lichite kunja kwa pulasitiki osati pa penti. Apa ndi pamene ambiri amaonongera, chifukwa chofuna kuona msanga.

Nabanda: Zikomo bambo. Vuto ndi magetsi. Kuno akumazima maola angapo pafupifupi tsiku lililonse. Ndinamvanso za kuika m'thumba lakuda n'kuanika padzuwa, kodi imeneyo siingachite?

aPhiri: Imagwira, kutentha kukapitirira madigiri 55 m'kati mwenimweni mwa chinthucho kwa maola angapo. Mpini wa khasu, mtondo kapena munsi ndingavomere. Chigoba chopentedwa, chokhala ndi phula kapena ulimbo womatira tsitsi ndi ndevu, ndikuopa. Phula lifewa, ndevu za chilombocho zisendemuka, ndipo simudzazibwezeretsa monga anaziikira mwini wake.

aMbewe: Nkhani ya magetsi isakuopseni kwambiri. Pezani freezer yotsegulira pamwamba, mipata yotsala mudzazemo mabotolo a madzi oundana, muikemo thermometer yokhala ndi chingwe chotulukira kunja, chivundikiro mumate ndipo mulembepo kuti wina asatsegule. Ikakhala yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali. Lembani m'kope m'mawa ndi madzulo. Tsiku limene yakwera kwambiri musaliwerenge.

aMwale: Ana anga, za tizilombo mwamaliza bwino. Ine ndifunse china: pa kadi yofotokoza chigobacho mwalembapo chiyani?

Nabanda: Ndalemba kuti chigoba cha Achewa, cha mtengo, cha ku Dedza, ndi tsiku limene chinabwera.

aMwale: Kadi yotero ndaiona nthawi zambiri, ndipo imandimvetsa chisoni kuposa ufa mwaupezawo. Mwati "chooneka ngati Simoni". Wanena ndani? Nkhope yofiira yokha siikwanira, zilombo zofiira zilipo zambiri, ndipo dzina limodzi limasintha maonekedwe kuchokera ku Dedza kufika ku Kasungu kapena ku Katete. Chilombo chimadziwika ndi nyimbo yake, kavinidwe kake, zovala zake, ndi kumene chimatulukira, kaya pa maliro, pa chinamwali kapena polonga ufumu. Pitani ku Mua mukaone ku Chamare, nyumba yosungiramo zinthu za chikhalidwe, kumene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa zigoba mazanamazana: chimene chinapatsa malo aja ulemu ndi chakuti chigoba chimayenda ndi dzina lake ndi mwambo umene chimalangiza. Bwererani ku banjalo amene akudziwa adakali moyo, mudzere kwa amfumu, mukhale pansi ndi akuluakulu a kudambwe. Muwafunsenso chimene chili chololedwa kuonetsa. Ena amakana kuti m'kati mwa chigoba muonekere poyera, ndipo ngati akana, pochiika m'galasi kumbuyoko kuphimbike. Dzina la amene ankachivala, ngakhale akuuzeni, lisafike pa chikwangwani chowerenga alendo ndi ana a sukulu. Likhale m'failo yotsekedwa, ngati iwo avomera kuti lilembedwe n'komwe. UNESCO inazindikira guleyu mu 2005 monga mwambo wamoyo wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, eni ake alipo ndipo akuvinabe.

aPhiri: Ndionjezepo za nambala yolemba pa chigoba chilichonse. Musalembe ndi Tipp-Ex kapena maka. Pakani kadontho ka Paraloid B-72, mankhwala omatira oonekera ngati galasi, m'mphepete mwa m'kati, kaume, mulembe ndi inki, mupakenso pamwamba. Nambala itsate chaka, gulu la zopereka, ndi chinthu, kuti zitatuzo zidziwike kuti zinabwera limodzi. Mujambule chisanalowe m'freezer, kutsogolo, m'mbali ndi pamene pali mabowo, rula ili pambali. Nthenga zothothokazo musataye, muike m'envulopu ya nambala yomweyo.

Nabanda: Ndabweranso patapita masabata atatu. Freezer tinabwereka kwa mayi wina wogulitsa nsomba, tinaitsuka kawiri. Masiku awiri sindinawawerenge chifukwa cha magetsi. Zigoba zatuluka bwino, penti sinasuntha, ndipo pepala latsopano pansi pake lakhala loyera kwa masiku asanu, ndiziyang'anabe mpaka mvula itagwa. Dengu limodzi la pa shelefu yomweyo linalinso ndi ufa, lalowa dzulo. Kumudzi ndinapita ndi mnzathu wamwamuna amene analowa gule. Akuluakulu anaseka nditatchula Simoni, akuti si iyeyo, anatiuza dzina lake lenileni ndipo gogo wina anatiimbira nyimbo yake, tajambula ndi chilolezo chawo. Cha nthengacho apempha kuti chisaikidwe poonekera, ndiye chikhala m'bokosi, pa kadi ndalemba amene analamula ndi tsiku lake.