Kodi nkhani za mpikisano wa pamsika zingandithandize kukonza Chingerezi changa?

Wophunzira_Zachuma analemba:

Moni nonse. Ndili m'chaka choyamba cha maphunziro a zachuma, ndipo chimene chikundivuta kwambiri si masamu ayi, koma Chingerezi chimene ndiyenera kulembera mayankho anga. Sabata yatha aphunzitsi anandibwezera pepala limene ndinafotokozapo zimene zimachitika kampani ikakhala yokha pamsika popanda wopikisana nayo. Anati mfundo zanga zinali zolondola, koma anazunguliza ndi inki yofiira chiganizo chakuti "The company rose the price", ndipo m'mbali mwake analemba liwu limodzi lokha, "raised". Anadulanso mzere pansi pa "economical problems" ndi pamene ndinalemba "cost" m'malo mwa "price". Ndawerenga mabuku a galamala zaka zambiri koma malamulo ake sakhazikika m'mutu mwanga. Kodi ndi nzeru kumaphunzirira galamala m'nkhani za chuma zomwezi, ndipo ndiyambire pati?

Mphunzitsi_Wopuma anayankha:

Mwana wanga, musataye mtima, chifukwa kusiyana kumene kwakuvutaniku mumakudziwa kale m'chinenero chanu. Palibe munthu wolankhula Chichewa amene anganene kuti kampani yakwera mtengo. Timati mtengo wakwera, kapena kampani yakweza mtengo, ndipo khutu lenilenilo limakana tikasokoneza. "Rise" ndi kukwera, pamene "raise" ndi kukweza, ndipo lachiwirili limafuna kuti titchule chinthu chimene chakwezedwacho. Chimodzimodzinso "fall" ndi kutsika, "lower" ndi kutsitsa, "borrow" ndi kubwereka, "lend" ndi kubwereketsa. Ife timasintha kumapeto kwa mneni, pamene Chingerezi nthawi zambiri chimasintha liwu lonse, choncho musanalembe dzifunseni m'Chichewa ngati mtengowo wayenda wokha kapena pali amene wauyendetsa.

Ndimakonda nkhani za msika pophunzitsa chifukwa pafupifupi mfundo iliyonse imanena za chinthu chimene chimayambitsa chinzake. Chiganizo chakuti mtengo ukakwera anthu amagula zochepa chimakhala "If the price rises, people buy less", ndipo mukalemba ziganizo khumi zoterezi, mudzazolowera kusaika "will" pambuyo pa "if" popanda kuloweza lamulo lililonse.

Wowerenga_Mbiri anayankha:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndiwonjezere za mawu enieniwo. Ambiri mwa mawu a mpikisano ali ndi mizu imene mukaidziwa simuvutikanso kuwakumbukira. "Monopoly" linachokera ku Chigiriki, kumene "monos" ndi mmodzi yekha ndipo "polein" ndi kugulitsa, pamene mu "oligopoly" muli "oligos", kutanthauza ochepa, ndiye kuti msika umene uli m'manja mwa ogulitsa owerengeka. Za "economic" ndi "economical", loyambalo limanena za chuma, pamene lachiwirilo limanena za chinthu chosawonongetsa ndalama, n'chifukwa chake mavuto sangakhale "economical".

Ine chimene chinandithandiza ndi kuwerenga mbiri ya milandu ya mpikisano. Nkhani ya kampani ya mafuta ya Standard Oil ya John D. Rockefeller, imene khoti lalikulu la ku America linalamula mu 1911 kuti igawidwe, ndipo inagawidwa kukhala makampani 34 potsatira lamulo la Sherman la mu 1890 loteteza mpikisano wa pamsika, yadzaza ndi ziganizo monga "was accused", "was found" ndi "was broken up". Mmenemo ndi mmene ndinazindikira kuti mawu awiri a "was" ndi mneni amagwira ntchito ya "-idwa" ndi "-edwa" wathu. Koma musayambe ndi The Wealth of Nations ya Adam Smith ngakhale imatchulidwa kwambiri m'kalasi, chifukwa inatuluka mu 1776 ndipo ziganizo zake ndi zazitali, zachikale, zosayenera kutengera polemba mayeso lero.

Mayi_Wowerengera_Ndalama anayankha:

Njirayi ndi yabwino, koma achimwene, buku la galamala musalitaye. Akatswiri a zachuma amatenga mawu wamba n'kuwapatsa tanthauzo lawolawo, ndipo wophunzira amene amawapeza m'nkhani za msika zokha amadzasokonezeka akakumana nawo kwina. "Demand" pamsika ndi kufunika kwa katundu kwa anthu amene ali okonzeka kulipira, koma pa kulankhula kwa tsiku ndi tsiku ndi kuitanitsa chinthu mokakamiza. "Interest" ndi chiwongoladzanja komanso chidwi. Pa "price" ndi "cost", vuto ndi lakuti ife zonse timangoti mtengo, pamene mayeso a zachuma amafuna kuti mulekanitse ndalama zimene wogula amapereka ndi zimene kampani yawononga popanga katunduyo, pakuti phindu limachokera pa kusiyana kwa ziwirizi.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali kuposa zonse ndi timawu ta "a" ndi "the", popeza m'Chichewa mulibe. Ndinkalemba kuti pamsika pali "a competition", kufikira wina atandiuza kuti mawuwo amatanthauza mpikisano umodzi wokhala ndi mphotho, monga wa nyimbo kapena wa masewera, pamene kulimbirana makasitomala kwa makampani ndi "competition" chabe. Zoterezi ndinazimvetsa nditawerenga mutu wa m'buku la galamala wonena za mayina owerengeka ndi osawerengeka, kenako n'kubwereranso ku nkhani za msika kukaona mmene akugwiritsidwira ntchito.

Wophunzira_Zachuma anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi pa za kukwera ndi kukweza. Ndalembanso chiganizo chija motere: "Because there was no competition, the company raised the price although its costs had not risen." Ndikupempha mundionere ngati "had not risen" ili pamalo pake, kapena ngati ndinayenera kulemba "did not rise".