Ulendo wogona usiku umodzi wochoka ku Blantyre kukaona mabwinja a Great Zimbabwe: tilipire kapena tisiye?

Nachisale:
Akuluakulu, tithandizeni maganizo. Pali kampani ina yoyendetsa alendo imene ikutsatsa ulendo wa ku Great Zimbabwe. Akuti kunyamuka mu Blantyre Loweruka 4 koloko m'bandakucha pa kosta, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Harare, kukagona ku Masvingo, Lamlungu m'mawa kuona mabwinja ndi munthu wofotokoza, kenako n'kubwerera tsiku lomwelo. Mumtengo akuti muli mayendedwe, pogona, kadzutsa ndi wotsogolera. Gulu lathu ndi la aphunzitsi 14. Ndi zoti tilipire?

aMbewe:
Achemwali, musanayang'ane mtengo, yambani mwawerenga mtunda. Blantyre kufika pa boda ya Mwanza ndi makilomita pafupifupi 100. Kuchoka pa Zobue, boda ya mbali ya Mozambique, kutsikira ku Moatize mpaka mu Tete, cha m'ma 120. Tete kudzera pa Changara kufika pa Cuchamano, polowera ku Nyamapanda, cha m'ma 145. Nyamapanda kudzera ku Mutoko mpaka Harare, cha m'ma 240. Harare kudzera ku Chivhu ndi Mvuma mpaka Masvingo ndi 290 ndi kanthu, ndipo kuchoka m'tauni ya Masvingo kufika pa mabwinja patsala makilomita osakwana 30. Kupita kokha mwadutsa 900.

Kosta yodzaza anthu ndi zikwama, mukaphatikiza mathiraki a pa msewu wa Tete, ma tollgate a ku Zimbabwe ndi kudutsa mkati mwa Harare, singayende kuposa makilomita 70 pa ola mukatenga ulendo wonse. Amenewo ndi maola 13 galimoto ili pa msewu. Madindo ndi anayi: kutuluka m'Malawi, kulowa Mozambique, kutuluka Mozambique, kulowa Zimbabwe. Mukapezana ndi mabasi awiri a ku Johannesburg atangotsitsa anthu, mzere umodzi umadya ola lonse. Ikani maola atatu a pa boda ndi limodzi la chakudya ndi mafuta. Onyamuka 4 koloko afika ku Masvingo cha m'ma 9 koloko usiku, zikayenda bwino.

Lamlungu ndiye pavuta. Kuti mukagone kwanu muyenera kuchoka pa mabwinja 10 koloko isanakwane. Mufika pa Nyamapanda dzuwa litapendeka kale, pa Zobue usiku kwambiri, mu Blantyre Lolemba kusanache. Mwakhala pampando maola oposa 30 kuti muone miyala maola awiri. Ine ndikuti ulendo umenewu, momwe aukonzeramu, musagule.

aChisi:
aMbewe, masamu anu ndi oona, koma mbali ina simunaione. Aphunzitsi alibe masiku ena kupatula Loweruka ndi Lamlungu pakati pa teremu, ndipo chimene kampani ikugulitsa si mpando wokha. Galimoto ya nambala za ku Malawi imafuna mapepala ambiri: buku la galimoto, kalata ya mwini wake ngati dalaivala si mwini, ndi chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi pa boda iliyonse. Inshuwalansi ya galimoto yotchedwa Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe koma ku Mozambique ayi, ndiye pa Zobue pamafunika kugula inshuwalansi ina. Apolisi a ku Mozambique amafunsa ma triangle awiri ndi chovala chowala usiku. Ku Zimbabwe kuli msonkho wa utsi ndi wa msewu. Gulu lachilendo likabwereka minibasi lokha, ndi pamene madobadoba a pa boda amalizinga n'kulilipiritsa kawiri pepala lomwe pa windo lili ndi mtengo wake ndi lisiti. Kampani yozolowera njirayi imadziwa windo lililonse. Zimenezo n'zoyenera kulipira.

aMbewe:
Sindikukana, achimwene. Kampani ndi yofunika. Chimene ndikukana ndi usiku umodziwo. Ndipo funso lalikulu ndi ili: madalaivala ndi angati? Munthu mmodzi sangagwire ntchito maola 17 Loweruka, kugona maola asanu, n'kubwerezanso Lamlungu. Gawo lomaliza pobwerera, kuchoka Tete kukwera ku Zobue, lidzamupeza usiku atatopa, pa msewu wa mathiraki, mbuzi ndi njinga zopanda nyale. Akanena kuti dalaivala ndi mmodzi, nkhani ithere pomwepo.

Nankhoma:
Ndilowepo pa za maola awiriwo, chifukwa ambiri amaganiza kuti Great Zimbabwe ndi khoma limodzi lojambulirapo zithunzi. Malowa ali m'magawo atatu otalikirana ndipo amayendedwa pansi.

Gawo loyamba lili pamwamba pa phiri, ndipo ndilo lakale kwambiri. Njira yakale yokwerera ndi yamasitepe a miyala, ndipo pena imapanikizika pakati pa matanthwe awiri moti mumadutsa mmodzimmodzi, phewa likukhula mwala. Pali njira ina yozungulira yosavuta kwa achikulire. Pamwambapo makoma sanamangidwe paokha. Omanga ankalumikiza khoma ku thanthwe, thanthwe ku khoma, moti pena umavutika kuona pomwe pathera chilengedwe ndi pomwe payambira dzanja la munthu. Kukwera, kuzungulira, kumvera wofotokoza ndi kutsika, gulu la anthu 14 limatha ola ndi theka.

Lachiwiri ndi linga lalikulu lomwe limaoneka pa zithunzi. Kulizungulira ndi mamita pafupifupi 250, ndipo pena limafika mamita 11 kutalika, mamita asanu kunenepa pansi. Palibe simenti, palibe dothi lomatira. Mwala wa m'mapiri akumeneko umasendeka m'magawo ngati anyezi, ndiye ankauswa kukhala timidadada tofanana n'kumasanja mizeremizere, khoma likumapendekera m'kati pang'ono pamene likukwera kuti lizidzigwira lokha. Chapamwamba pa mbali ina pali mzere wa miyala yoikidwa chopendeka ngati mano a sowo. M'kati muli kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri aatali, kozizira ngakhale masana, kamene kamakufikitsani pa nsanja yozungulira ya mamita pafupifupi 10. Nsanjayo ilibe khomo, ndi miyala yokhayokha mpaka m'kati, ndipo ambiri amati imafanizira nkhokwe. Apa pafunika ola lathunthu.

Lachitatu ndi mabwinja a m'chigwa, kenako nyumba yosungiramo zakale. Mmenemo ndi momwe muli mbalame zosemedwa pa mwala wofewa, zomwe imodzi mwa izo ili pa mbendera ya Zimbabwe. Zodziwika ndi zisanu ndi zitatu. Anthu othamangitsidwa ndi nthawi amadumpha nyumba imeneyi, chonsecho ndiyo imamasulira zonse zomwe aona panja.

Mukaphatikiza, maola anayi ndiye ochepetsetsa. Awiri akwana linga lalikulu ndi zithunzi basi.

aChisi:
Mayi Nankhoma, nanga gulu litagawikana, ena kuphiri ena ku linga?

Nankhoma:
Ndiye kuti aliyense walipira ulendo wonse n'kuona theka. Ndipo awa ndi aphunzitsi, akufuna akabwere ndi zokauza ana. Mzindawu unakula kuyambira zaka za m'ma 1100 mpaka cha m'ma 1450. Ofukula anapezamo mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, ndi ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, umboni woti golide ndi minyanga zinkachoka kumeneko kupita kunyanja kudzera ku Sofala. Azungu oyamba, kuyambira Karl Mauch mu 1871, ankakana kuti anthu akuda angamange zotere. Richard Hall, amene anapatsidwa malowa kuyang'anira mu 1902, anakumba n'kutaya dothi lambiri lomwe munali umboni, poti ankafuna zizindikiro za anthu ochokera kutali. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuti omanga anali Aafirika, makolo a Mashona, komabe boma la Rhodesia linapitiriza kuphimba zimenezi mpaka katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970. Dziko litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina lake pa miyala imeneyi, ndipo UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi mu 1986. Nkhani zimenezi zimakoma utaima pamalo pomwe Hall anakumbapo, osati utamva mu kosta injini ikulira.

aGama:
Pa mawu oti "wotsogolera" mufunsitse. Pali anthu awiri osiyana. Wina ndi amene amakwera nanu kuchoka ku Blantyre, wosonkhanitsa mapasipoti ndi kuwerenga anthu pa boda. Wina ndi wofotokoza wa pamalopo, amene mumamupeza pa geti. Malowa ali m'manja mwa bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe, ndipo ofotokoza a pamenepo ndi amene amadziwa kusiyanitsa khoma lakale ndi lomangidwanso pambuyo pake, chifukwa makomo ena a linga lalikulu anakonzedwanso m'nthawi ya atsamunda. Makampani ena amalemba "wotsogolera" akutanthauza woyambayo, ndiye mukafika mumasonkhanso ya wachiwiri.

Chinanso, pa mndandanda womwe mwatchula, a Nachisale, sindinaonepo ndalama yolowera pa geti. Mlendo wochokera kunja salipira mofanana ndi nzika ya Zimbabwe, ndipo amalipira m'madola a ku America. Mulibenso nkhomaliro ziwiri ndi mgonero. Akulembereni papepala: geti, wofotokoza wa pamalopo, zakudya, ma tollgate, zolipira za galimoto pa boda, ndi amene adzalipire pogona ngati mwatsekeredwa pa boda usiku. Maola otsegulira ndi kutsekera maboda amasintha, ndiye kampani itsimikize za Zobue ndi Mwanza sabata yomweyo ya ulendo.

Naphiri:
Za ndalama ndiwonjezere. Kwacha ikadutsa pa Zobue ilibenso ntchito. Ku Tete mufunika ma metical ochepa a madzi ndi chimbudzi. Ku Zimbabwe kuli ndalama yawo ya ZiG yomwe inayamba mu April 2024, koma mlendo amayenda bwino ndi madola. Tengani ang'onoang'ono, a 1, a 5 ndi a 10, chifukwa chenje ndi chovuta ndipo pepala long'ambika ena amalikana. Poti madola ndi osowa kuno, yambani kufunsa ku banki kudakali milungu ingapo, ndipo sungani lisiti ya kusinthako; mukhoza kufunsidwa potuluka. Osintha ndalama a pa msewu amawerenga mothamanga ndipo amapinda mapepala pakati. Ngati mwakakamizika, werengani nokha musanapereke zanu.

Amalawi safuna viza ku Mozambique ngakhale ku Zimbabwe pa ulendo waufupi ngati uwu. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ndi masamba opanda kanthu, poti kupita ndi kubwera mudindidwa kasanu ndi katatu. Aliyense aone yekha kuti chidindo cholowera chilipo asanachoke pa windo. Munthu mmodzi wosadindidwa pa Zobue amaimitsa kosta yonse pa Cuchamano.

aChisi:
Chabwino, ndavomera kuti maola awiri achepa. Koma musawagwetse mphwayi mpaka osapita. Mabasi athu a ku Johannesburg amadutsa mu Masvingo sabata iliyonse, anthu mazanamazana, makilomita osakwana 30 kuchokera pa linga limeneli, ndipo ochepa kwambiri ndi amene analionapo. Gulu la aphunzitsi likafuna kupita, tilithandize kuti lipite.

aMbewe:
Apite, koma agone kawiri. Njira yake ndi iyi. Tsiku loyamba anyamuke m'bandakucha, awoloke Zambezi pa Tete kusanatenthe, adutse Nyamapanda masana, agone mu Harare. Amenewo ndi makilomita 600, otheka dzuwa lisanalowe kapena litangolowa. Tsiku lachiwiri anyamuke 5 koloko, afike pa mabwinja cha m'ma 10, akhalepo mpaka 3 koloko, abwerere kukagonanso mu Harare. Tsiku lachitatu ulendo wa kwawo, kuwoloka maboda onse kukuwala. Chowonjezera pa mtengo ndi pogona pa usiku umodzi, chakudya cha tsiku limodzi ndi alawansi ya madalaivala. Mafuta ndi omwewo, mapepala a galimoto ndi omwewo. Zimangofuna tchuthi kapena sabata imene Lolemba ndi holide.

Nankhoma:
Ndikanakonda usiku wina akagone ku Masvingo komweko kapena pafupi ndi nyanja ya Mutirikwi, kuti akwere phiri m'mawa mwala usanatenthe, koma zimenezo zikufuna usiku wachitatu. Ngati afika 10 koloko monga anenera aMbewe, ayambe ndi phiri nthawi yomweyo, nyumba ya zakale ailowe masana dzuwa lili paliwombo, linga lalikulu likhale lomaliza.

Miyezi yabwino ndi May mpaka August. October ndi November Tete ndi ng'anjo, ndipo phirilo limaotcha mapazi. M'nyengo ya mvula masitepe amwala amaterera, ndipo kumabwera nkhungu yamawawa yomwe kumeneko amati guti, imene imaphimba chigwa chonse. June ndi July m'mawa kumazizira ngati ku Dedza, tengani majuzi. Nsapato zikhale zotseka za mphira pansi, madzi lita imodzi ndi theka munthu aliyense, chipewa. Chakudya chisaonekere m'manja chifukwa kuli apusi ndi anyani ozolowera anthu. Ndipo pasapezeke wokwera pa khoma kuti ajambulitse kapena wotola kamwala. Miyalayo imagwirana ndi kulemera kwake kokha, umodzi ukasuntha mzere wonse umayamba kutupa mpaka kugumuka.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Tiwalembera a kampani kuti atipatse mtengo wogona kawiri pa tchuthi cha mu August, madalaivala awiri, maola osachepera anayi pamalopo, ndipo geti ndi wofotokoza wa pamenepo zilembedwe mumtengo. A Gama, za kutsekeredwa pa boda tizilemba bwanji?

aGama:
Lembani kuti ngati galimoto yafika pa boda atatseka, kapena yawonongeka panjira, pogona ndi mayendedwe ena ndi za kampani. Mulipire theka lokha poyamba, lotsalalo tsiku lonyamuka mutaona ndi maso mapepala a galimoto, malaisensi a madalaivala onse awiri ndi tayala lapadera lopopa.